Turmeric, chamwamba, botolo "lotsuka impso" ndi mapilisi akufamase: zomwe taona pa impso za bambo

Chimvereni anthu akutchalitchi kwathu kuti bambo anga akuvutika ndi impso chifukwa cha shuga, foni yanga sipuma. Uyu akuti alamu ake atupa mapazi, kodi amwe chamwamba kapena turmeric? Uyo watumiza chithunzi cha botolo pa WhatsApp, ati kodi awa ndi enieni? Amandifunsa chifukwa ndimaphunzitsa Biology kusekondale, ndiye amanditenga ngati theka la dokotala. Zoona zake n'zakuti ineyo, ndi Biology yangayo, ndi amene ndinagwiritsidwa fuwa la moto. Ndalemba pano kamodzi kuti ndizingotumiza kwa aliyense wofunsa.

Bambo anapuma ntchito ya zankhalango ku Chikangawa ndipo amakhala nafe ku Chibavi. Shuga akhala naye zaka 14. Za impso tinadziwa pamene anayamba kudandaula kuti mkodzo ukuchita thovu ngati wathiridwa sopo, ndipo nsapato zawo zopita nazo kutchalitchi zinayamba kukana kulowa.

Mawu amene anandidyera ndalama ndi akuti "kutupa". Adokotala akamati shuga watupitsa impso, amanena zochitika mkati mwa tisefa ting'onoting'ono, pafupifupi miliyoni imodzi mu impso iliyonse, timene timasefa madzi a m'magazi okwana malita 180 pa tsiku. Shuga akakhala wokwera zaka ndi zaka, magazi amadutsa mu tisefamo mwamphamvu kwambiri, makoma ake amawonongeka, puloteni imayamba kutayikira mu mkodzo, ndipo thovu lija ndi limenelo. Asilikali a m'thupi amathamangira pamalo povulalapo, ndipo m'malo mopoletsa amasiya zipsera. Kasefa kakasanduka chipsera, kapita. Kutupa kumeneku sikuoneka ndi maso, sikupwetekanso. Kutupa kwa mapazi ndi nkhani ina, amenewo ndi madzi ndi mchere zomwe thupi lalephera kutulutsa. Chichewa chathu chimatchula ziwirizi ndi mawu amodzi, ndipo ogulitsa mabotolo amadyera pomwepo. Akuphwetsera mapazi, iwe n'kumati impso zachira.

Ndiyambe ndi botolo, chifukwa mpaka lero ndikaliganiza mtima umandiwawa.

Mnzanga wina wakuntchito ndi amene anandilozera kaofesi kena m'tauni muno, kokwera masitepe. Mkati mwaukhondo, makatani oyera, mnyamata wovala gauni loyera. Anawapatsa bambo kachitsulo kuti agwire m'manja, waya wake wolumikiza ku kompyuta. Pasanathe mphindi ziwiri pepala linatuluka, mizere yofiira yokhayokha. Sanatenge magazi, sanapemphe mkodzo. "Adadi, impso zanu zadzadza zinyalala," anatero mnyamatayo. "Koma mwafika nthawi yabwino. Izi timatsuka." Ine ndinali pomwepo, munthu amene ndimajambula impso pa bolodi chaka chilichonse ku Fomu 3, ndipo ndinagwedeza mutu. Ndinali ndi mantha a dialysis, kusefedwa magazi ndi makina impso zikalephera. Kwa zaka zambiri odwala akumpoto kuno ankayenda mtunda woposa makilomita 350 kupita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kukalumikizidwa ku makina, ena mpaka kusamukira konko, ndipo mantha amenewo anandiphimba m'maso.

Botolo linali la malita awiri, madzi akuda owawa ngati ndulu. Papepala lomatidwa panali chithunzi cha masamba ndi nambala ya foni basi. Zomwe zili mkati ati ndi chinsinsi cha kampani. Mtengo K45,000. Ndinati ayi, pa moyo wa bambo imeneyo si ndalama. Zomwe sanandiuze tsiku limenelo n'zakuti botolo limatha m'masabata awiri, ndipo "kosi" yake ndi mabotolo 6. Titabwerera kukatenga lachiwiri ndi pomwe anati ukalekezera panjira matenda amabwerera ndi mphamvu ziwiri. Anawonjezera timakapisozi "tothandizira", K25,000 pa mwezi. Kugwira kachitsulo kaja, K15,000 ulendo uliwonse, ndipo ulendo uliwonse mizere yofiira inkachepa pang'ono, mokwanira kuti ubwerenso. Pofika botolo lachinayi ndinali nditataya K275,000, ina yake yokongola ku banki m'khonde.

Komabe ndalama si imene inandipweteka kwambiri. Bambo anali ndi kachifuwa kouma, kosatulutsa makhololo, kamene kankawavutitsa usiku. Ife tinkati ndi kuzizira kwa Mzuzu, paja mu June ndi July kuno mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Mnyamata uja atamva, anafunsa mapilisi amene amamwa. Atatchula enalapril, mapilisi awo a BP, anaomba m'manja. "Amenewo ndi amene akukuphani, adadi. Asiyeni kaye mpaka timalize kutsuka." Pa chifuwa ananena zoona, enalapril amayambitsadi chifuwa chouma kwa anthu ena. Bambo atasiya, chifuwa chinatha, ndipo kuyambira pamenepo mnyamatayo anasanduka mneneri pakhomo pathu. Koma enalapril ndi amene ankachepetsa mphamvu ya magazi mu tisefa tija. Tinachotsa mzati wa nyumba chifukwa choti unkatigunda pamutu.

Mapazi anaphwadi sabata yoyamba. Aphwa bwanji osaphwa, munthu akuthamangira kuchimbudzi kasanu pa tsiku? Patatha miyezi iwiri anayamba kufooka, kudya osafuna, ndipo tsiku lina anagwa chizungulire akuthirira mpiru kuseri. Kuchipatala BP inali 178/100. Nambala ya eGFR, imene imaonetsa mmene impso zikusefera, inali 51 pomwe tinayezetsa komaliza. Tsiku limenelo inali 34. Munthu wabwinobwino amakhala pa 90 kupita m'mwamba, ndipo ikatsika pansi pa 15 ndiye nkhani ya makina ija. Adokotala anatsegula kabuku ka kuchipatala, anaona masamba opanda kanthu a miyezi iwiri, n'kundiyang'ana ine osati bambo. "Aphunzitsi, akhala akumwa chiyani?" Botolo linali m'chikwama changa, koma kulitulutsa kunandivuta ngati ndaba.

Atasiya botolo, kumwa madzi bwino ndi kupatsidwa losartan m'malo mwa enalapril, nambala inakwera kufika 43. Mbali ina inali kuuma kwa thupi, imeneyo inabwerera. Inayo sinabwerere. Ndipo taonani, yankho la chifuwa chija linali losavuta: kungowauza adokotala, iwo n'kusintha mtundu wa mapilisi.

Wina anena kuti zitsamba sizingaphe impso chifukwa n'zachilengedwe. Ku Brussels, m'dziko la Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso atamwa mankhwala azitsamba ochepetsa thupi momwe munalowa chomera chotchedwa Aristolochia. Ambiri anathera pa dialysis kapena kuikidwa impso ina, ena anadzadwala khansa ya njira ya mkodzo. Kumeneko n'ku Ulaya, koyeza chilichonse. Nanga botolo lopanda dzina la chomera ngakhale chimodzi? Kuno bungwe loona za mankhwala ndi PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Ine sindinafunse n'komwe ngati botololo linadutsako. Safunsa anadya phula.

Tsopano turmeric, amene amalonda ochokera ku Tanzania pa msika wa Taifa amamutcha manjano. Pa zomera zonse zimene anthu amanditchulira, uyu yekha ndi amene ndimamupatsako ulemu, chifukwa anayesedwapo pa anthu enieni odwala impso za shuga. Ku Iran mu 2011, odwala 40 anawagawa pawiri, ena n'kumamwa kapisozi ya turmeric ya 500 mg katatu pa tsiku kwa miyezi iwiri. Puloteni ya mu mkodzo inatsika, zizindikiro zina za kutupa kwa mkati zinatsikanso. Chimene chimagwira ntchitoyo ndi curcumin, chija chopangitsa chikasu. Koma onaninso manambalawo: anthu 40, miyezi iwiri. Matenda a impso amayenda zaka. Kutsika kwa puloteni pa miyezi iwiri sikukuuza ngati munthuyo wapulumuka ku dialysis.

Apa palinso kusankha pakati pa ufa wa pamsika ndi makapisozi. Mu ufa curcumin ndi wochepa, pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse, ndipo wambiri amangodutsa m'matumbo osalowa m'magazi. N'chifukwa chake opanga makapisozi amawonjezera piperine wochokera mu tsabola wakuda, amene amakweza kalowedwe kake mpaka maulendo 20. Zikumveka bwino, koma piperine yemweyo amasokonezanso mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala ena, ndipo munthu wa shuga ndi impso samwa pilisi limodzi. Ku Italy mu 2019 anthu angapo anadwala chiwindi atamwa makapisozi amphamvu otere. Ufa nawo uli ndi zake. Uli ndi oxalate wambiri, amene amapanga timiyala mu impso ukamamwa masupuni tsiku ndi tsiku. Ku Bangladesh anapezanso kuti ena ankathira utoto wokhala ndi mtovu kuti chikasu chiwale. Ife tinagwirizana chimodzi: timagula mizu yake, timasinja tokha, kansonga ka supuni mu nyemba kapena mu nkhuku. Ngati ndiwo zakoma, basi zakwana. Makapisozi ayi, ndipo omwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin asayerekeze n'komwe osafunsa adokotala.

Chamwamba ndimachikonda, ndipo ndikudziwa kuti pano ndikhumudwitsa azimayi a kwathu. Tili ndi mitengo iwiri imene tinabwera nayo kuchokera ku Nkhata Bay, ngakhale kuno imakula monyinyirika chifukwa cha kuzizira. Masamba ake ndi ndiwo yabwino, yopatsa thanzi. Koma zoti chimapoletsa impso, umboni wambiri ndi wa makoswe a mu labu, ndipo bambo anga si khoswe. Vuto lake kwa ife ndi potaziyamu. Impso zikafooka zimavutika kutulutsa mchere umenewu, enalapril ndi losartan amausunganso m'thupi, ndipo ukachuluka umasokoneza kagundidwe ka mtima mosachenjeza. Supuni imodzi ya ufa wa chamwamba payokha si yoopsa, nthochi imodzi ili ndi potaziyamu wochuluka kuposa pamenepo, pafupifupi 400 mg. Koma taganizani tsiku la munthu wa ku Mzuzu: phala la chamwamba m'mawa, nthochi ziwiri, peyala, mbatata, madzulo therere. Therere lenilenilo ndi limene linandidabwitsa. Chidulo chimene amayi amatcheza ndi madzi a phulusa, ndipo phulusa ladzadza potaziyamu. Anesi atatchula zimenezi amayi anagwira pakamwa. Chimodzimodzi mchere wa m'sitolo wolembedwa kuti ndi wa anthu a BP, wambiri mwa umenewo ndi potaziyamu. Ndiye chamwamba chimadyedwa ngati ndiwo kamodzikamodzi, potaziyamu akayezedwa n'kupezeka ali bwino. Mizu ndi makungwa ake sitikhudza.

Zinazi sindichedwapo. Adyo ndi jinja ndi zokometsera, idyani, zimathandizanso kuti mchere uchepe m'ndiwo. Chidede chimatsitsako BP pang'ono, choncho womwa kale mapilisi a BP awauze adokotala. Sinamoni wa pamsika ali ndi coumarin amene amavutitsa chiwindi ukamamwa wambiri. Nimu ndi madzi achikasu a aloe vera, pakhomo panga ayi. Aloe amatsegula m'mimba, ndipo ndaona ndi maso anga zimene kutsegula m'mimba kumachita pa impso zofooka. Ndipo poti tikunena za kutupa, Brufen, diclofenac ndi Indocid amalembedwa kuti ndi ochotsa kutupa, anthu amangogula pa okala msana ukawawa, koma kwa munthu wa impso ndi adani enieni.

Pali nkhani imodzi imene inandichotsa chidwi pa mawu akuti "amachotsa kutupa". Akatswiri anatenga oleanolic acid, amene amapezeka m'zomera monga azitona, n'kumukonza mu labu kukhala mankhwala amphamvu otchedwa bardoxolone methyl. Poyamba manambala a impso ankakwera, anthu anasangalala. Atawayesa pa odwala shuga ndi impso oposa 2,000 mu kafukufuku wotchedwa BEACON, anaimitsa mu 2012 chifukwa omwa mankhwalawo ankagonekedwa ndi vuto la mtima kwambiri kuposa osamwa. Vutolo linaoneka chifukwa panali anthu owerenga odwala mmodzimmodzi. Amene anamwa botolo la mnyamata uja akuwawerenga ndani?

Ndafika pa mbali imene ndaima, ndipo sindibisa. Ofuna mankhwala ochokera ku zomera, ena mwa iwo ali kale m'kabati mwanu. Metformin, amene pafupifupi wa shuga aliyense amalandira, anachokera ku chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis. Chomeracho pachokha chimapha ziweto, ndipo zinatenga zaka kuti apeze mtundu wosavulaza, mpaka dokotala wa ku France, Jean Sterne, anayamba kuupereka kwa odwala mu 1957. Dapagliflozin, empagliflozin ndi canagliflozin, mapilisi enanso a shuga, kholo lawo ndi phlorizin, amene anapezeka mu khungwa la mtengo wa maapozi mu 1835. Amenewa amachititsa impso kutaya shuga mu mkodzo, ndipo potero amaphwetsa mphamvu ya magazi mu tisefa tija. Canagliflozin anayesedwa pa odwala 4,401 mu kafukufuku wa CREDENCE wa 2019, ndipo chiopsezo cha kulephera kwa impso ndi imfa zokhudzana nazo chinatsika ndi 30 peresenti. Dapagliflozin anayesedwa pa anthu 4,304 mu DAPA-CKD ya 2020, chinatsika ndi 39 peresenti. Mu 2021 bungwe la WHO linaika gulu la mankhwalawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Ikani 4,000 pambali pa 40 a turmeric, pambali pa makoswe a chamwamba, pambali pa nambala ya foni ya pabotolo.

Sikuti alibe zowawa. Dapagliflozin ife timachita kugula kufamase, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya mankhwala ochokera kunja inakwera osatsikanso. Mwezi wina ndinazungulira mafamase atatu ndisanawapeze. Popeza mkodzo umakhala wa shuga, amabweretsa zoyabwa kumalo obisika, ndipo bambo anakhala masabata awiri akuvutika mwakachetechete chifukwa nkhani yotero sangauze mwana wawo wamkazi. Anakauza amuna anga, iwo n'kudzandinong'oneza. Munthu akamasanza kapena kutsegula m'mimba amayenera kuwaimitsa kaye mpaka achire. Poyamba eGFR imatsikako pang'ono, zimene zikanatiopsa adokotala akanapanda kutichenjeza. Metformin nayenso anawachepetsera nambala itatsika pansi pa 45, ndipo ikadzafika pansi pa 30 adzasiyiratu. Koma zonsezi tinauzidwa tisanayambe, zinalembedwanso pakapepala ka m'bokosi. Ndipo ngakhale mitengo yakwera, ndalama ya mwezi wathunthu sinafikepo pa imene ndinkapereka mwezi umodzi wa "kosi" ija.

Poyeza napo pali kusiyana. Kachitsulo kogwira m'manja kankatiuza zimene tinkafuna kumva. Kuyeza kwenikweni ndi magazi a creatinine, momwe amawerengera eGFR, potaziyamu, ndi mkodzo wa puloteni. Wa shuga aliyense ayenera kuyezetsa zimenezi kamodzi pa chaka ngakhale asakumva kalikonse, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa atatu amadzakhudzidwa impso, ndipo mapazi akamayamba kutupa matenda amakhala atayenda kale ulendo. Mukapita ku kiliniki ya shuga musamangoyezetsa chala n'kubwerako, funsani za impso ndi pakamwa panu. Ndipo chilichonse chimene mukumwa kunyumba, kaya ndi ufa, kaya ndi botolo, nyamulani mukaonetse. Manyazi amene ndinachita ine tsiku lija ndi ochepa poyerekeza ndi manambala 8 amene sanabwerere.

Panopa patebulo la bambo pali metformin wochepetsedwa, losartan, dapagliflozin ndi kamakina ka BP kamene mchimwene wanga anatumiza kuchokera ku Johannesburg. Nsima ndi ya mgaiwa, zipande ziwiri zazing'ono, mchere wongolawa. Therere amayi amaphikabe, koma lopanda chidulo, ndipo bambo amadya akudandaula kuti silikutereka. Turmeric ali mu nyemba. Miyezi 9 yapitayi eGFR yakhala ikusewera pakati pa 41 ndi 43, thovu lachepa, nsapato zakutchalitchi zikulowa.

Mnyamata uja amanditumizirabe mauthenga. Sabata yatha analemba kuti pali pulomoshoni, mabotolo atatu pa mtengo wa awiri, n'kufunsa kuti adadi akupeza bwanji. Botolo lachinayi lija lidakali pawindo la kukhitchini, latsala theka, ndipo pamwamba pake pamera nkhungu yoyera. Amayi akhala akufuna kulitsuka kuti azisungiramo parafini, ine ndimakaniza. Tsiku la Lachinayi likubwerali tikukayezetsanso magazi.